Madzi a tiana ta axolotl: kodi sefa ndi yokwanira, kapena tizisintha tsiku ndi tsiku?

Make Tadala:
Moni kwa nonse a pagulu lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukulera ma axolotl, nyama za m'madzi za m'gulu limodzi ndi achule, kuyambira ali mazira. Mazira amene ndinasunga aswa, ndipo tiana tomwe tatuluka ndi toposa makumi asanu. Tonse tili mu thanki imodzi ya malita 60 momwe ndinaikamo sefa yatsopano, kamakina koyeretsa madzi. Ndikutipatsa Artemia wongoswa kumene, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi amchere, kawiri pa tsiku, ndipo poyamba timimba tawo tinkaoneka tofiirira bwino tikangotha kudya. Tsopano tina tasiya kudya, tina tikuyandama chammbali pamwamba pa madzi, ndipo m'mawa ndikumapeza tina titafera pansi. Madziwo ndi oyera mbee, sakununkha, moti munthu akhoza kuwerenga tiana tonse ataima patali. Kodi vuto lingakhale madzi omwewa ngakhale akuoneka chonchi, kapena ndi matenda?

Bambo Gondwe:
Pepani kwambiri, mayi. Tisanayambe kulosera, mutiuze zinthu zingapo. Kodi madziwo akutentha madigiri angati masana? Kodi ndi apampopi, ndipo mumathiramo mankhwala ochotsa klorini? Sefayo inayamba kugwira ntchito liti, ndipo kodi inakhalapo kale mu thanki ya nyama zina? Chomaliza, Artemia amene watsala osadyedwa mumamuchotsa nthawi yanji?

Make Tadala:
Zikomo, bambo. Masana madzi amafika madigiri 21 kapena 22. Ndi apampopi ndithu, ndipo mankhwala ochotsa klorini ndimathiramo. Sefa ndinaiyatsa tsiku lomwe ndinaika mazira mu thankimo, ndipo inali ya m'bokosi. Artemia wotsala sindimuona bwino chifukwa ndi wamng'ono kwambiri, choncho ndimaganiza kuti sefa ikumuchotsa.

Nabanda:
Achemwali, mayankho anuwa akuloza kumodzi, ndipo ndikhulupirira kuti tiana tanu tikuvutika ndi amoniya. Kuyera kwa madzi sikunena kanthu pa nkhani imeneyi, chifukwa amoniya amasungunuka m'madzi monga umachitira mchere, ndipo diso silingamuone ngakhale atachuluka mpaka kupha. Amachokera kuwiri. Kwina ndi m'matupi mwa tiana tomweto, chifukwa axolotl amatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi pakhungu nthawi zonse, osati pochita chimbudzi pokha. Kwina, komwe n'kwakukulu pa msinkhu umenewu, ndi chakudya. Artemia ndi kachilombo ka m'madzi amchere, ndipo mukakathira m'madzi opanda mchere kamakhala ndi moyo maola ochepa chabe. Amene sanadyedwe amafera pansi, m'makona ndi m'kati mwa sefa, n'kuyamba kuola. Mukadzatenga tochi usiku n'kuunika pansi pa thanki cham'mbali, mudzaona fumbi lofiirira litayalana, ndipo fumbi limenelo ndiye Artemia wakufa.

Sefa siichotsa zimenezi, imangozisonkhanitsa pamalo amodzi. Ntchito yeniyeni ya sefa imagwiridwa ndi mabakiteriya omwe amamera pa siponji yake. Ena, monga a mtundu wa Nitrosomonas, amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni, ndipo ena, monga Nitrospira, amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene ndi wofatsako. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo m'madzi ozizira amachedwa kuposa pamenepa. Sefa ya m'bokosi ilibe ngakhale pang'ono, ndiye pakali pano yanuyo ikungozungulitsa madzi basi.

Chimene ndingachite lero lomwe ndi kutulutsa tiana tonse mu thankimo n'kutigawa m'timakontena tapulasitiki tosaya koma totambalala, topanda kanthu pansi. Madzi asazame kwambiri, masentimita asanu kapena asanu ndi awiri ndi okwanira, chifukwa kamwana ka msinkhu wa sentimita imodzi ndi theka sikathamangitsa chakudya patali, kamadikira kuti chidutse pafupi ndi pakamwa. Kenako muzisintha madzi onse tsiku lililonse. Mukhale ndi makontena owirikiza kawiri chiwerengero cha amene mukugwiritsa ntchito, kuti pamene tiana tili m'gulu lina, linalo likhale lotsukidwa ndi louma. Mukatidyetsa, dikirani ola limodzi kapena awiri, thirani madzi atsopano mu kontena yoyera, ndipo musamutse tiana kamodzikamodzi ndi kachubu kokamwa kwakukulu kapena supuni yakuya, kamwana kali m'madzi nthawi yonseyo. Musagwiritse ntchito kaukonde, chifukwa makha ndi timiyendo tongomera kumene timakodwa mosavuta. Madzi akale pamodzi ndi zonse zili m'menemo atayidwe.

Bambo Chirwa:
Ndikugwirizana ndi mayi Nabanda kuti vuto ndi amoniya, komanso kuti tiana tituluke mu thanki imeneyo msanga. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mfundo yoti njira yabwino yolerera tiana ndi kusintha madzi onse tsiku ndi tsiku. Ine ndimalera tanga mu thanki yokhwima, yomwe sefa yake ya siponji yakhala ikugwira ntchito kwa nthawi yaitali, muli zomera zambiri, ndipo chakudya chachikulu ndi Daphnia. Daphnia ndi kachilombo kakang'ono ka m'madzi opanda mchere, choncho amene sanadyedwe lero amakhalabe wamoyo mpaka mawa, ndipo amadyanso tizinthu ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Tiana sindimatigwira konse. Kutola kamwana tsiku lililonse n'kukaponya m'madzi ena kumakadzidzimutsa, ndipo dzanja likaphonya pang'ono kachubu kamapana mchira. M'chilengedwe palibe amene amatisamutsa m'mawa uliwonse.

Nabanda:
Bambo Chirwa, njira yanu ndi yabwino ndipo sindikuitsutsa, koma imafuna zinthu zitatu zimene munthu amene mazira angomuswera kawirikawiri alibe: thanki yokhwima kale, Daphnia wokwanira woweta yekha, ndi tiana tochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa madzi. Chimodzi chikasowa, njirayo imagwa mwakachetechete, chifukwa mu thanki ya zomera zambiri kamwana kakufa sikaoneka mpaka kataola. Mu kontena yopanda kanthu pansi mumaona chilichonse: kamene kadya, kamene mimba yake ndi yoyera chifukwa sikanadye, ndi kamene kalumidwa.

Za kudzidzimuka, ine maganizo anga ndi akuti chimene chimapweteka tiana si madzi atsopano, koma madzi osiyana. Ngati madzi a lero akuchokera mu chidebe chimodzi ndi a dzulo, akhala m'chipinda chomwecho usiku wonse, kutentha kwake n'kofanana ndipo klorini wachotsedwa, kamwana kamatera pansi n'kupitiriza moyo wake pakangopita mphindi zochepa. Zoopsa zimabwera pamene munthu watunga madzi pampopi nthawi yomweyo, ozizira kapena otentha kuposa a mu kontena ndi madigiri angapo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa chidebe chachikulu chosungiramo madzi okonzeratu, chokhala pambali pa makontena, ndipo mukangotha ntchito ya tsikulo muzichidzazanso kuti chidikire mawa.

Bambo Chirwa:
Pamenepo ndamva, ndipo kwa mayi amene afunsawa, makontena ndiwo angapulumutse totsalato. Ndingowonjezera chenjezo kwa aliyense amene angakopeke ndi Daphnia: musamutunge m'dziwe n'kumuthira mwachindunji kwa tiana. Pamodzi naye mumabwera ana a tombolombo ndi tizilombo tina tolusa, ndipo mwana wa tombolombo mmodzi akhoza kutha tiana tambiri inu musanadziwe kuti alimo. Ayambe waswana m'chidebe chakechake kwa kanthawi, inu mukuyang'anitsitsa.

Yamikani:
Pepani akuluakulu, ndili ndi funso pa za klorini. Ndinamva kuti madzi apampopi mukangowasiya poyera usiku wonse klorini amatuluka yekha. Ngati chidebe chikugona kale usiku monga akunenera mayi Nabanda, kodi mankhwalawo ndi ofunikabe?

Bambo Mvula:
Achimwene, zimatengera mankhwala amene akuthiridwa m'madzi kumene mukukhalako. Klorini wamba amatulukadi madzi akakhala osavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka ngati mukupoperamo mpweya. Koma malo ambiri operekera madzi amagwiritsa ntchito chloramine, amene ndi klorini wolumikizidwa ndi amoniya, ndipo anasankhidwa dala chifukwa sachoka msanga m'mapaipi. Ameneyu angakhalebe m'chidebe kwa masiku ambiri. Popeza kuchuluka kwa mankhwalawa kumasinthanso, mwachitsanzo mapaipi akangokonzedwa kapena mvula yambiri ikagwa, ine ndimathira mankhwala ochotsa klorini nthawi zonse, ndipo kugoneka madzi ndimakuona ngati njira yofananitsira kutentha basi.

Muwerengenso zolembedwa pabotolo. Mankhwala amene ali ndi sodium thiosulfate yekha amaphwanya chloramine n'kuchotsa klorini, koma amoniya uja amatsala m'madzi. Alipo ena amene amamanganso amoniyayo kwa kanthawi, ndipo amenewo ndiwo oyenera kumene kuli chloramine. Oweta ambiri amapewa mankhwala osakaniza ndi aloe vera kapena mafuta a zomera, chifukwa anapangidwira nsomba za mamba, pomwe khungu la axolotl ndi lofewa ndipo limayamwa zambiri zimene zili m'madzi. Pa chifukwa chomwecho, chilichonse chokhala ndi kopa, monga mankhwala ena ophera nkhono ndi ndere, chisayandikire makontena.

Ndikufuna ndibwerere kwa amoniya, chifukwa pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa ngakhale ali ndi zoyezera. Zoyezera zambiri zimaonetsa amoniya yense pamodzi, koma m'madzi iye amakhala m'mitundu iwiri. Wina ndi NH3, amene amalowa m'makha mosavuta ndipo ndiye woopsa, ndipo wina ndi NH4+, amene ndi wofatsako. Kuti ndi uti achuluke zimatengera pH (muyeso wa asidi m'madzi) ndi kutentha. Pa madigiri 25, m'madzi a pH 7 woopsa uja amakhala pafupifupi theka la gawo limodzi pa magawo 100, koma pa pH 8 amafika cha m'ma magawo 5 pa 100. Ndiye kuti pH ikakwera ndi nambala imodzi, poizoniyo amawirikiza pafupifupi kakhumi, ngakhale mtundu wa madzi mu kabotolo koyezera usanasinthe. Kutentha nakonso kumamuwonjezera. Izi ndi zimene zimachititsa kuti anthu awiri apeze nambala yofanana, koma wina tiana take tikufa pomwe ta mnzake tikadali bwino. Yankho lake si kuthira mankhwala otsitsa pH, chifukwa kusinthasintha kumeneko n'kovulazanso, ndipo axolotl amakhala bwino pa pH ya pakati pa 6.5 ndi 8. Yankho n'lakuti amoniya ndi nitrite zikhale pa 0.

Mayi Make Tadala, ngati mungathe, pezani zoyezera za madontho m'malo mwa timapepala tonyika. Muyeze madzi a mu thanki musanawataye, muyezenso apampopi paokha, kuti tidziwe chimene chikuchokera kuti.

Make Tadala:
Ndayeza monga mwanenera, bambo. Mu thanki amoniya ali pa mamiligalamu 2 pa lita, nitrite pa 0.5, pH pa 7.8. Apampopi alibe amoniya. Tiana ndatisamutsa kale m'makontena asanu ndi limodzi. Ndinaunikanso pansi pa thanki ndi tochi, ndipo fumbi lofiirira lija linalipodi, makamaka kuseri kwa sefa komwe madzi amakankhira zinthu. Tsopano nkhawa yanga ndi kutentha, chifukwa madzi ochepa chonchi akutentha msanga kuposa a mu thanki.

Bambo Gondwe:
Nkhawa imeneyo ndi yoyenera. Axolotl kwawo ndi ku Xochimilco, kumwera kwa Mexico City, pamalo okwera mamita oposa 2,200, ndipo thupi lake linazolowera madzi ozizira. Amakhala bwino pa madigiri 16 mpaka 18. Tiana timapirira mpaka cha m'ma 20, ndipo timakula msanga pamenepo, koma timadyanso kwambiri n'kudetsa madzi mofulumira. Kupitirira 22 mwayamba kulowa m'mavuto, ndipo pa 24 kwa masiku angapo ngakhale wamkulu amasiya kudya n'kudwala. Madzi otentha amasunga okosijeni wochepa, chakudya chotsala chimaola msanga, ndipo amoniya amalusa monga afotokozera bambo Mvula, choncho kutentha ndi ukhondo wa madzi ndi nkhani imodzi.

Ikani makontena pansi, m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumba, kutali ndi zenera. Musawavundikire mothina. Fani yaing'ono youzira pamwamba pa madzi imatsitsa kutentha ndi madigiri awiri kapena atatu, kungoti madzi amaphwa msanga. Njira imene ndimaikonda ndi kukhazika makontena onse m'beseni lalikulu losaya lokhala ndi madzi, ndipo botolo la madzi oundana muziika m'beseni lakunjalo, osati momwe muli tiana. Potero kuzizira kumalowa pang'onopang'ono ndipo kumafika mofanana ku makontena onse. Chidebe cha madzi a mawa nacho chikhale pamalo omwewo, ndipo muziyeza mbali zonse ziwiri musanasamutse.

Agogo Nasimango:
Popeza Xochimilco yatchulidwa, ndilankhuleko pang'ono, chifukwa zimandikhudza. Nyama imene tikuvutikira m'makontenayi kwawo yatsala pang'ono kutha. Nyanja ya Chalco, komwe inkapezekanso, inaphwetsedwa, ndipo ku Xochimilco kwatsala ngalande zomwe mumalowa madzi oipa a mumzinda, muli nsomba za tilapia ndi carp zobwera nazo anthu, zimene zimadya mazira ndi tiana. Kafukufuku wa mu 1998 anapeza ma axolotl pafupifupi 6,000 pa sikweya kilomita imodzi, koma pofika mu 2014 anali osakwana 40. Luis Zambrano ndi anzake a ku yunivesite ya UNAM ya ku Mexico City akhala akugwira ntchito ndi alimi a m'minda ya chinampa, yomwe ili pakati pa ngalandezo, kutchinga ngalande zina kuti madzi ayere ndiponso nsomba zisalowe. Athuwa ndi ochokera ku mibadwo yoweteredwa m'nyumba kuyambira m'zaka za m'ma 1860 pamene oyamba anafika ku Paris. Sangabwezeretsedwe kutchire, ndipo palibe amene ayenera kutaya tiana totsala mumtsinje kapena m'dziwe, ngakhale titamuchulukira bwanji.

Tsopano funso langa kwa bambo Mvula ndi la madzi amvula. Mdzukulu wanga akuti ndiwo oyera kuposa onse, popeza alibe klorini.

Bambo Mvula:
Agogo, madzi amvula, madzi osungunulidwa ku nthunzi, ndi amene adutsa m'makina osefera madzi a reverse osmosis ali ndi vuto lofanana: alibe michere ya m'nthaka. Axolotl amafuna madzi olimbirako, okhala ndi kashiamu, magineziyamu ndi bicarbonate. M'madzi opanda michere, thupi lake limataya mchere wake kudzera pakhungu ndi m'makha, ndipo pH imatha kugwa mwadzidzidzi chifukwa palibe choigwira. Amvula amatsukanso denga ndi zonse zili pamenepo. Kwa anthu ambiri madzi apampopi ochotsedwa klorini ndiwo abwino koposa, ndipo am'chitsime nawo akhoza kukhala abwino ngati ayezedwa kaye, chifukwa ena amakhala ndi nitrate wambiri wochokera ku feteleza.

Kumene madzi ndi ofewa kwambiri, pali msakanizo umene anaupanga Johannes Holtfreter, katswiri wa ku Germany wa kakulidwe ka miluza. Pa lita imodzi mumalowa magalamu pafupifupi 3.5 a sodium chloride, 0.05 a potassium chloride, 0.1 a calcium chloride ndi 0.2 a sodium bicarbonate. Malo a kafukufuku oweta ma axolotl, monga Ambystoma Genetic Stock Center ya ku University of Kentucky, amagwiritsa ntchito msakanizo wa mtundu umenewu atausungunula mpaka theka la mphamvu yake kapena kucheperako. Sindikunena kuti aliyense athamangire kusakaniza michere. Popanda sikelo yoyeza tizigawo ta galamu n'kosavuta kupyola muyeso, ndipo ngati madzi anu ali ndi pH ya 7.8 monga a mu thanki ya mayi aja, mwachionekere sakusowa kanthu.

Nabanda:
Pali mbali ina ya ntchitoyi imene sitinaikhudze, ndipo ndi pamene ambiri amene amasinthadi madzi tsiku lililonse amalepherabe. Mukakhuthula kontena, yendetsani chala pansi ndi m'makona. Mudzamva zoterera, ngakhale pulasitiki ikuoneka yoyera. Amenewo ndi mabakiteriya amene amera pa zotsala za chakudya, ndipo tiana, popeza timagona pansi tsiku lonse, mimba ndi makha awo zimakhudza pamenepo. Mukangothira madzi atsopano mu kontena yoteroyo, mwasintha madzi koma dothi mwalisiya. Ipukuteni ndi siponji yatsopano yosungira ntchito imeneyi yokha, muitsukuluze ndi madzi otentha, ndipo iume kaye isanagwirenso ntchito. Sopo asakhudze makontena, kachubu, chidebe kapena siponjiyo. Manja anunso atsukuluzidwe bwino ndi madzi okha, opanda mafuta odzola kapena mankhwala othamangitsa udzudzu.

Artemia nayenso asapite kwa tiana monga watulukira m'botolo loswetsera. Madzi a m'botolomo ndi amchere kwambiri ndipo pakatha tsiku amakhala odzala ndi zoipa. Zimitsani mpweya, dikirani mphindi zisanu kapena khumi, ndipo mudzaona makoko opanda kanthu akuyandama pamwamba, mazira osaswa ali pansi penipeni, ndipo amoyo asonkhana chapansi kumbali yomwe kuli kuwala. Kokani amoyowo ndi kachubu, muwasefe pa kansalu kothina, muwatsukuluze ndi madzi a m'chidebe chanu, ndiye muwapereke. Makoko aja sagayika m'mimba, ndipo kamwana kakameza ambiri kamatha kutsekeka. Perekani pang'ono, muone ngati timimba tafiira, ndipo muwonjezere pokhapokha ngati tina tikadali toyera. Kwa amene mazira awo sanaswe, kumbukirani kuti kamwana kongotuluka kamakhala tsiku limodzi mpaka atatu kakudya zotsala za m'dzira zomwe zili m'mimba mwake, ndipo chakudya choperekedwa nthawi imeneyo chimangoolera m'madzi.

Ngati mukudyetsa kawiri pa tsiku, madzi onse muzisintha pambuyo pa chakudya chachikulu, ndipo pambuyo pa chinacho muzingokoka zotsala ndi sirinji yopanda singano n'kubwezeretsa madzi amene achepa.

Yamikani:
Kodi mu kontena imodzi muzikhala tiana tingati? Komanso ndaona kena kali ndi zoyera ngati thonje pa makha. Ena akuti ndikasambitse m'madzi amchere.

Bambo Chirwa:
Pa chiwerengero palibe nambala imodzi yokwanira aliyense, chifukwa makontena amasiyana ndipo tiana timakula mofulumira. Njira yodalirika ndi kuyeza madzi atangotsala pang'ono kusinthidwa. Ngati amoniya akuonekamo pakatha maola 24, tiana tachuluka kapena chakudya chachuluka, ndipo mugawe kontenayo pawiri. Kontena imene inali yokwanira mlungu watha ikhoza kukhala yothina mlungu uno. Miyendo yakutsogolo ikayamba kumera, kamwana kakafika cha m'ma masentimita awiri, tiana timayamba kulumana, chifukwa timakhwathula chilichonse choyenda pafupi ndi pakamwa. Muzitisankha potengera msinkhu, tatikulu patokha ndi tating'ono patokha. Mwendo wodulidwa umameranso, koma bala m'madzi akuda ndi khomo la fangasi.

Ndi bwinonso kunena poyera kuti axolotl wamkazi amaikira mazira mazanamazana, nthawi zina kupitirira 1,000, ndipo munthu mmodzi sangasamale madzi a tiana tonseto. Amene akuyamba kumene asunge mazira khumi kapena makumi awiri basi, ndipo otsalawo aumitsidwe mufiriji akadali ongoikiridwa kumene. N'chisankho chowawa, koma n'chachifundo kuposa kuona tiana mazana tikufera m'madzi oipa.

Nabanda:
Achimwene Yamikani, zoyerazo kawirikawiri ndi fangasi wa m'madzi wa mtundu wa Saprolegnia, amene amapezeka pafupifupi m'madzi aliwonse koma amagwira nyama yovulala kapena yofooka. Kapatuleni kayekha, m'madzi ozizira bwino, ndipo muzisintha madziwo kawiri pa tsiku ndi kachubu kakekake. Nthawi zambiri zoyerazo zimathothoka zokha madzi akakhala abwino. Madzi amchere wambiri ine sindingawayese pa kamwana kakang'ono chonchi, chifukwa amapsereza makha ndipo muyeso umene wamkulu angapirire ukhoza kukapha. Ena amaika kachidutswa ka tsamba louma la Indian almond m'madzi, ndipo silivulaza. Zikapitirira kufalikira pathupi, funsani dokotala wa zinyama wodziwa za achule ndi zofanana nazo. Muyezenso madzi a kontena imene kanachokera, chifukwa fangasi pa kamwana kamodzi kawirikawiri amatanthauza kuti anzake nawo ali m'madzi osayenera.

Bambo Gondwe:
Thanki ija isangokhala. Pamene tiana tili m'makontena, ino ndiyo nthawi yoikhwimitsa. Itsukeni, mudzazemo madzi ochotsedwa klorini, muike sefa ya siponji yoyendera mpweya, ndipo muzidyetsa mabakiteriya ndi amoniya wa m'botolo wopanda sopo kapena fungo lowonjezera. Ngati mnzanu ali ndi thanki yathanzi, kachidutswa ka siponji yake kamafulumizitsa zinthu kwambiri. Thanki yakhwima pamene amoniya amene mwathira lero, wofika pa 2, mawa wasanduka 0, nitrite nayenso ali pa 0, ndipo nitrate akukwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthawi imene sefa ikukhwima ndi yomweyo imene tiana timafunika kuti timere miyendo yonse inayi n'kuyamba kudya nyongolotsi zoduladula.

Bambo Chirwa:
Ndipo ma axolotl akalowa mu thankimo, pansi pakhale popanda kanthu. Timiyala amatimeza pamodzi ndi chakudya n'kutsekeka m'matumbo, ndipo ngakhale mchenga wosalala udikire mpaka atafika masentimita 15. Madzi asathamange. Mukaona makha apindikira kutsogolo ndipo nsonga ya mchira yakhota, chepetsani mpweya wa sefa ndipo muyeze madzi nthawi yomweyo. Nitrate asapitirire 40, ndipo kwa ana ine ndimafuna akhale pansi pa 20, zimene zimatheka posintha gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a madzi mlungu uliwonse. Siponji muziifinyira m'madzi amene mwatunga mu thankimo, chifukwa apampopi amapha mabakiteriya amene mwawadikira nthawi yonseyi.

Make Chisomo:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndili ndi funso limodzi. Tanga tili m'makontena monga mwalangizira, koma ndiyenera kuchokapo masiku awiri. Kodi nditisiyire chakudya chambiri ndi madzi ochuluka, kapena ndichite bwanji?

Nabanda:
Chakudya chambiri ayi, achemwali, chimenecho ndicho chingatiphe. Ngati tili ndi miyendo inayi kale, tidyetseni bwino dzulo lake, musinthe madzi onse m'mawa wonyamukawo osatipatsanso kanthu, mutigawe m'makontena ambiri kuposa masiku onse kuti tisalumane, ndipo muwonjezere madzi pang'ono pamalo ozizira. Topanda chakudya timadetsa madzi pang'ono kwambiri, ndipo masiku awiri tikhoza kupirira. Ngati tikadali pa msinkhu wa Artemia, tisagone ndi njala nthawi yaitali chonchi, ndipo pakufunika munthu. Mumuonetse ntchito yonse kamodzi inu mulipo, iye ndiye akugwira kachubu. Mumusiyire madzi okonzeratu okwanira masiku onsewo kuti asakatunge pampopi, makontena oyera owerengeka kale, ndi botolo la Artemia loti liswe tsiku limene adzalifune. Mulembe pa chidebe chilichonse ntchito yake, ndipo chidebe cha madzi otaya chikhale cha mtundu wina kuti asachisokoneze ndi cha madzi atsopano. Ngati muli ndi Daphnia woweta nokha, apa ndi pamene njira ya bambo Chirwa imathandiza, chifukwa mukhoza kuthiramo wokwanira tsiku lachiwiri popanda kuopa kuti aola.